DZIKO LATHULI LILI NDI MCHIRA, NDIPO UMAMENYA USIKU

ABALE anzanga, musathamangire kunena kuti mtolankhani wanu walawira kachasu m'mamawa. Nkhaniyi ndi yoona. Dziko lapansi lino, lomwe tikulimapo chimangali, lili ndi mchira. Mchira wake ndi wautali kupitirira pamene pali mwezi, suoneka ndi maso, ndipo nthawi zonse umaloza kumbali komwe kulibe dzuwa. Ndiye kuti usiku uliwonse inu mukamaliza mkonono, mchirawu umakhala uli cha pamwamba pa denga lanu, kutali mlengalenga. Mwezi ukakhala wathunthu, uja ana amachezera panja kusewera chibisalirano, dziwani kuti mweziwo ukusambira m'kati mwa mchira umenewu, ndipo umatenga masiku angapo kuti uwoloke.

Wina afunsa kuti nanga ife zikutikhudza pati? Kafunseni anthu a ku Quebec m'dziko la Canada. Pa 13 Malichi 1989, nthawi ili 2:44 usiku, magetsi onse a kampani ya Hydro-Québec anathima m'masekondi 90 okha. Anthu 6 miliyoni anadzuka mumdima, kunja kukuzizira koopsa, ndipo ambiri anakhala maola 9 magetsi asanayake. Panalibe mbava yopopa mafuta m'thiransifoma. Panalibe mtengo wogwera pa nthambo, kapena zinyalala zotseka makina a kumadzi. Mlandu unachokera kudzuwa.

Koma taonani nthawiyo bwinobwino. Ngati wopalamula anali dzuwa, bwanji nkhonya sinabwere masana dzuwa likuswa mtengo? Bwanji inabwera pakati pa usiku, Quebec atafulatira dzuwa? Yankho lake lili mu mchira uja. Mphamvu ya dzuwa ikafika pa dziko lino simalowa pakhomo la kumaso n'kutimenya pomwepo ayi. Imazungulira kuseri, imasungidwa kumeneko, kenako imabwerera modzidzimutsa kuchokera kumbuyo. Ndi khalidwe la chinkhanira: mumayang'ana mphanda zakutsogolo pamene ululu uli kumchira.

MPHEPO YOCHOKERA KUDZUWA

Tiyambe ndi dzuwalo. Ambirife timangodziwa kuti limatipatsa kuwala ndi kutentha, basi. Koma limalavulanso chinthu china, mpweya wotentha kwambiri moti tinthu take tinasweka n'kukhala tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Akatswiri a sayansi amautcha plasma. Mpweya umenewu umachoka padzuwa usana ndi usiku kulowera mbali zonse, pa liwiro la makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Ndati pa sekondi, osati pa ola. Ulendo wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, womwe basi imakuzunguzani nawo mpaka msana kuwawa, mphepo imeneyi ingaumalize sekondi imodzi isanathe. Komabe dzuwa lili kutali, makilomita 150 miliyoni, motero mphepoyi imatenga masiku anayi kuti itipeze.

Amene anayamba kunena molimba mtima kuti mphepo yotereyi ilipo ndi Eugene Parker wa ku yunivesite ya Chicago, mu 1958. Akuluakulu awiri omwe anapatsidwa zolemba zake kuti aziunike anazikana. Patangotha zaka zinayi, mu 1962, chombo cha Amereka chotchedwa Mariner 2 chili pa ulendo wopita ku Venus chinaiyeza mphepoyo kwa miyezi, ndipo otsutsa aja anasowa chonena.

Mphepoyi ndi yopyapyala zedi. Pa malo aakulu ngati nsonga ya chala chanu pamangokhala tizidutswa pafupifupi 5, motero ngakhale tsitsi singaligwedeze. Chomwe chimaichititsa kukhala yoopsa ndi katundu amene imanyamula. Pochoka kwawo imakoka mphamvu ya maginito ya dzuwa n'kubwera nayo kuno, ndipo maginito amenewo saloza mbali imodzi. Pena aloza kumpoto, pena kumwera, monga mwa mphepo ya pa nyanja yomwe asodzi sangaikhulupirire.

Dziko lathunso ndi maginito aakulu. Pansi penipeni pali chitsulo chosungunuka chomwe chimatakataka, ndipo n'chimene chimapanga mphamvu yomwe imatembenuza singano ya kampasi. Kuti timvane, tiyerekeze kuti mphamvu imeneyi ndi zingwe zosaoneka zomwe zimatuluka cha kumwera kwa dziko, n'kukhota mlengalenga, n'kukalowa cha kumpoto. Pakanapanda mphepo ya dzuwa, zingwezi zikanazungulira dziko mofanana mbali zonse ngati mizere ya dzungu. Koma mphepo ija imazikankha. Kumbali ya masana imazipanikiza mpaka zimathera pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65,000. Kumbali ya usiku imazikokera kutali, monga momwe madzi a mu Shire amagonekera udzu womera pa mwala, wonse kuloza kumunsi. Zingwe zokokedwazo ndiye mchira uja. Pa Chingerezi amati magnetotail.

Norman Ness wa ku NASA ndi amene anaonetsa poyera mu 1965 kuti mchirawu ulipodi, pogwiritsa ntchito zoyeza za setilaiti yotchedwa IMP-1. Mu 1983 chombo china, ISEE-3, chinapita kumbuyo kwa dziko mtunda wa makilomita pafupifupi 1.4 miliyoni, n'kupeza kuti chikadali m'kati mwa mchira womwewo. Mwezi uli pa makilomita 384,000 okha. Werengerani nokha.

LEGENI YA MLENGALENGA

Tsono mphamvu ya mphepo imalowa bwanji mu mchira, popeza zingwe za dziko zimaitchinga? Funso limeneli analiyankha ndi James Dungey wa ku Britain mu 1961, ndipo yankho lake likadali msana wa nkhani yonseyi mpaka lero.

Kutsogolo kwa dziko, kumene mphepo imagunda, zingwe zathu zimaloza kumpoto. Maginito a mphepo akabwera akulozanso kumpoto, awiriwa amangokhulana n'kudutsana, chitseko chili chotseka, ndipo zolowa zimakhala zochepa. Koma akabwera akuloza kumwera, zingwe ziwiri zoyang'ana kosiyana zimapanikizana mpaka zimaduka, ndipo podukapo chingwe cha dziko chimalumikizana ndi chingwe cha dzuwa. Apa ndiye pagona nkhani. Chingwe chomwe poyamba nsonga zake zonse ziwiri zinali zomangirira pa dziko, tsopano nsonga imodzi ili pa dziko, inayo ili m'manja mwa mphepo yothamanga makilomita 400 pa sekondi. Mphepoyo siima. Imachikoka chingwecho kudutsa pamwamba pa nsonga ya dziko, n'kukachigoneka kumbuyo, kumbali ya usiku. Chikangochoka, chingwe china chimabwera kutsogolo, nachonso n'kuduka, n'kukokedwa. Zimapitirira choncho malinga ngati maginito a mphepo akuloza kumwera.

Amene munakulira kumudzi mukuidziwa legeni. Ine ndinagwetsa nayo mpheta zingapo ndili mnyamata, mphira wake wodula ku chubu chakutha cha galimoto. Pokoka legeni mumakoka pang'onopang'ono, mkono n'kumamva kulemera. Mphamvu ya mkono wanuyo sitayika, imakhala ili mu mphira wotamukawo, kudikira. Mukangotaya chala, zonse zomwe munasonkhanitsa kwa masekondi angapo zimatuluka kamodzi, mwala uwo! Mchira wa dziko umagwira ntchito chimodzimodzi. Mphepo ndiye mkono, zingwe za maginito ndiye mphira, ndipo plasma ndiye mwala.

Zingwe zokokedwazi zimaunjikana m'mitolo iwiri ikuluikulu, wina kumpoto wina kumwera. Mu mtolo wakumpoto zingwe zimaloza kudziko, mu wakumwera zimaloza kutali ndi dziko. Pakati pa mitolo iwiriyi pali chimkeka cha plasma yotentha madigiri mamiliyoni ambiri, ndipo ndicho chimaletsa kuti mitoloyo isakhudzane. Kwa mphindi 30 mpaka ola lathunthu mitolo imanka inenepa, n'kumafinya chimkeka chija. Chomwe chinali chochindikala makilomita masauzande ambirimbiri chimapyapyala mpaka kufika pa makilomita 1,000 kapena kucheperapo. Pansi pano nthawi imeneyi kumakhala zii, ngati palibe chikuchitika. Robert McPherron wa ku California ndiye anaonetsa mu 1970 kuti bata limeneli ndi lonamiza, ndi nthawi yomwe nkhokwe ikudzazidwa.

Kenako chimkeka chimang'ambika. Zingwe za mitolo iwiri ija zimakumana, ndipo popeza zikuloza kosiyana, zimaduka n'kulumikizananso, monga zinachitira kutsogolo kuja. Mbali ya chingwe yomwe ili kufupi ndi ife imafwamphukira kudziko ngati mphira wotayidwa, ikukankha plasma pa liwiro la makilomita mazanamazana pa sekondi. Mbali inayo, chimbulumbulu chachikulu cha plasma chokulungidwa m'maginito, imathothoka n'kuthawira kumunsi kwa mchira osabweranso. Edward Hones wa ku Los Alamos ananena m'zaka za m'ma 1970 kuti chimbulumbulu chotere chiyenera kumathothoka, ndipo ISEE-3 ija inakachiona chikudutsa. Ine ndikamva zimenezi ndimakumbuka buluzi. Mukamugwira mchira amausiya m'manja mwanu, iye n'kuthawa, ndipo pakapita nthawi wina umamera. Kusiyana kwake n'kwakuti buluzi amadikira masabata, pamene dziko limameretsa wake m'maola ochepa.

MOTO WOVINA KUMWAMBA

Nanga mwala wa legeni uja umakagwera kuti? Tizidutswa tambiri timatsetsereka motsata zingwe mpaka kukalowa mu mpweya wa dziko cha kufupi ndi nsonga ziwiri, kumpoto ndi kumwera. Kumeneko, pa mtunda wa makilomita 100 kupita m'mwamba, timawomba mpweya wa okosijeni ndi naitirojeni, ndipo mpweyawo umayaka. Okosijeni wa m'munsi amawala mobiriwira, wa pamwamba kupitirira makilomita 200 amawala mofiira. Kuwala kumeneku ndi komwe amati aurora, ndipo anthu a ku Fairbanks ku Alaska, Yellowknife ku Canada ndi Tromsø ku Norway amakuona kawirikawiri monga ife tionera ching'aning'ani m'dzinja.

Munthu amene anazindikira kuti kuwalaku kuli ndi dongosolo ndi Syun-Ichi Akasofu, Mjapani yemwe anapita ku Alaska mu 1958 kukaphunzira pansi pa Sydney Chapman. Iye anakhala pansi n'kuunika mulu wa zithunzi zomwe makamera ojambula thambo lonse anatola m'malo osiyanasiyana m'zaka za 1957 ndi 1958. Mu 1964, chaka chomwe ife tinkakweza mbendera yathu, anafalitsa zomwe anapeza. Poyamba pamakhala mzere wa kuwala wodekha, wogona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Mwadzidzidzi, cha pakati pa usiku, malo amodzi a mzerewo amawala kwambiri, ndipo m'mphindi zochepa thambo lonse limabalalika, nsalu za moto zikuvina, kufalikira cha kumpoto ndi kumadzulo. Gule wake amatenga mphindi 10 mpaka 30. Kenako zimazirala kwa ola limodzi kapena awiri, n'kubwerera mwakale. Zonsezi pamodzi anazitcha substorm, titi kanamondwe. Ndipo musaganize kuti ndi za kamodzi pa chaka. Mphepo ikakhala yotakataka, kanamondwe amachitika kangapo pa tsiku limodzi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali nkhani ina yomwe alimi anzanga muyenera kuimva. Kalekale Akasofu asanabadwe, katswiri wa ku Norway dzina lake Kristian Birkeland ankalimbikira kunena kuti aurora imabwera ndi magetsi otsika kuchokera mlengalenga. Kafukufuku wake ankadya ndalama zambiri, ndiye pofunafuna ndalamazo anatulukira njira yokokera naitirojeni mu mpweya n'kupanga feteleza. Kampani ya Norsk Hydro inayamba choncho mu 1905, ndipo nthambi yake ya feteleza ndi yomwe inadzakhala Yara mu 2004. Ndiye mukamasenza thumba la feteleza, dziwani kuti pa chibale chake pali munthu wina yemwe ankagona panja pa chisanu kuyang'ana kumwamba. Zamagetsi otsika zija ambiri anamutsutsa mpaka anamwalira mu 1917, ndipo masetilaiti anadzatsimikiza patapita zaka pafupifupi 50 kuti bamboyo ankanena zoona.

Magetsi amenewa si amasewera. Pa kanamondwe mmodzi, mphamvu yoyenda mlengalenga pamwamba pa maiko akumpotowo imafika maampu pafupifupi miliyoni imodzi. Pulagi ya ketulo yanu ili ndi fyuzi ya maampu 13. Akatswiri a NASA atawerengera kanamondwe wa pa 23 Malichi 2007, yemwe anatenga maola awiri, anapeza kuti anatulutsa mphamvu yofanana ndi chivomezi cha 5.5. Tikaisandutsa mayunitsi omwe timagula a magetsi aja, ikukwana pafupifupi 140 miliyoni. Damu la Cahora Bassa ku Tete, lomwe makina ake ndi a mamegawati 2,075, lingafunike kugwira ntchito masiku pafupifupi atatu osapuma kuti lipange zomwe mchira unataya m'maola awiri. Ndipotu ameneyo anali kanamondwe wamba.

MKANGANO WA ZAKA 30

Pali chinthu chimodzi chomwe legeni yanga ija singafotokoze. Pa legeni pali chala, ndipo mwini chala ndiye amasankha nthawi yotaya. Ku mchira kulibe chala. Nanga chimayambitsa kuphulika n'chiyani, ndipo kumayambira pati?

Apa akatswiri anagawikana ngati zipani pa nthawi ya kampeni. Gulu lina linkati zonse zimayambira kutali, pa mtunda wa makilomita oposa 120,000, pamene zingwe zimaduka, ndipo chisokonezo chimabwera cha kudziko pambuyo pake. Gulu lina, lomwe mmodzi mwa akuluakulu ake ndi Anthony Lui wa ku Johns Hopkins, linkati ayi, zimayambira pafupi, cha pa makilomita 60,000, pamene magetsi oyenda mopingasa mchira amasokonekera, ndipo kuduka kwa zingwe kutali kuja ndi zotsatira chabe. Anakangana m'misonkhano ndi m'magazini awo kwa zaka pafupifupi 30.

Ine sindikuwaseka ayi, chifukwa vuto lawo linali lenileni. Zonsezi zimachitika m'mphindi ziwiri kapena zitatu, pa dera lalikulu kuposa dziko lapansi kambirimbiri, ndipo iwo ankakhala ndi setilaiti imodzi pamalo amodzi. Zili ngati kuweruza mlandu wa ndewu ya pa msika wonse muli ndi mboni imodzi yomwe inali m'kati mwa sitolo. Idzakuuzani nthawi yomwe phokoso linaifika, koma singakuuzeni amene anayamba kuponya chibakera. Akulu akale anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Ndiye anaganiza zotumiza mboni zambiri nthawi imodzi. A ku Ulaya anakonza masetilaiti anayi otchedwa Cluster, koma roketi ya Ariane 5 yomwe inawanyamula inaphulika itangonyamuka pa 4 Juni 1996. Sanagwe ulesi. Anapanga ena anayi n'kuwatumiza mu 2000, ndipo anawapatsa maina a magule: Rumba, Salsa, Samba ndi Tango. Eee, Rumba inafika mlengalenga, abale. Ntchito yawo inatha mu 2024. Japan ndi Amereka nawo anatumiza Geotail mu 1992, yomwe inayendayenda mu mchira zaka 30 mpaka 2022.

Koma omwe anapangidwira mlandu umenewu mwachindunji ndi masetilaiti asanu a NASA otchedwa THEMIS, omwe ananyamuka pa 17 Febuluwale 2007 motsogozedwa ndi Vassilis Angelopoulos. Njira zawo anazikonza mwaluso moti masiku anayi aliwonse asanuwo ankandandalika mu mzere umodzi m'kati mwa mchira, wina pafupi wina patali, pamwamba pa North America. Pansi, ku Canada ndi ku Alaska, anatchera makamera 20 oyang'ana kumwamba usiku wonse. Pa 26 Febuluwale 2008 nyama inakodwa. Zingwe zinaduka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 127,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wa kumwezi. Patapita mphindi imodzi ndi theka aurora inawala ku Canada. Kusokonekera kwa magetsi a pafupi kuja kunabwera patapita mphindi zitatu. Pa tsiku limenelo, gulu loti zimayambira kutali linapambana.

Kodi mlandu unathera pomwepo? Mwaiwala kuti woluza chisankho savomera msanga. Lui analemba kutsutsa m'mene anzakewo anawerengera zoyeza zawo, ndipo mpaka lero pali akatswiri omwe amaonetsa anamondwe ena omwe akuoneka kuti anayambira pafupi. Kuona kwanga, umboni woti nkhokwe imatsekulidwa ndi kuduka kwa zingwe ndi wolemera kwambiri, ndipo masetilaiti anayi a MMS, omwe ananyamuka mu 2015, anadutsa pakatikati pa malo odukirawo mu mchira pa 11 Julaye 2017 n'kuyeza m'mene zimachitikira. Chomwe chikuvutabe ndi mphindi yake. Akatswiri angathe kuona kuti mitolo yadzaza ndipo chimkeka chapyapyala, koma kunena kuti ching'ambika pa mphindi yakutiyakuti, zimenezo n'zomwe akulimbana nazobe.

SI IFE TOKHA

Mchira si wa dziko lathu lokha. Pulaneti iliyonse yokhala ndi maginito akeake ili nawo, koma khalidwe limasiyana. Mercury ndi kapulaneti kakang'ono, koyandikana ndi dzuwa, maginito ake ofooka. Chombo cha MESSENGER chitadutsa kumbuyo kwake pa 29 Sepitembala 2009, chinapeza kuti mchira wake umadzaza n'kukhuthula m'mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, pamene wathu umatenga ola kapena kuposa. Ndi kankhokwe ka m'manja, kodzaza msanga n'kutha msanga. Jupiter ndiye chimphona. Mchira wake umafika mpaka cha ku njira yomwe Saturn amayendamo, makilomita mamiliyoni mazanamazana. Koma iye sadalira kwenikweni mphepo ya dzuwa kuti adzaze mchirawo. Mwezi wake wina wotchedwa Io uli ndi mapiri ophulika omwe amalavula zinthu zolemera pafupifupi tani imodzi pa sekondi, ndipo Jupiter pozungulira mwaliwiro, kamodzi pa maola 10, amaziponyera yekha kumbuyo.

CHAONA MNZAKO

Tibwerere pansi pano. Kanamondwe wa masiku onse savulaza munthu, ndipo woyenda pa msewu sangamve kanthu m'thupi. Zinthu zimaipa dzuwa likageya chimtambo chachikulu cha plasma, chomwe chimatha kufika kuno m'tsiku limodzi kapena awiri, maginito ake ali amphamvu ndipo akuloza kumwera kwa maola ambiri. Apo chitseko cha kumaso chimakhala pululu. Mchira umadzaza n'kuphulika, kudzaza n'kuphulika, mobwerezabwereza, ndipo plasma yambiri imakankhidwira m'kati mpaka kupanga mkombero wa magetsi wozungulira dziko lonse cha pakati pake. Ameneyo ndiye namondwe wamkulu wa maginito.

Magetsi a mlengalenga akamasinthasintha mofulumira chonchi, maginito a pansi pano amagwedezeka, ndipo maginito ogwedezeka amabala magetsi mu chitsulo chilichonse chachitali. Ndi lamulo lomwelo lomwe limayatsa nyale ya dainamo pa njinga. Nthambo za magetsi zotalika makilomita mazanamazana zimatola magetsi achilendowa n'kuwalowetsa m'mathiransifoma omwe sanapangidwire zimenezo. Thiransifoma imayamba kulira, kutentha, ndipo zotetezera zimazimitsa nthambo. Ku Quebec zinachitika ndi zimenezi, ndipo zinakula chifukwa nthambo zawo ndi zazitali kwambiri, kuchokera ku madamu akutali kumpoto, komanso nthaka yawo ndi ya thanthwe lomwe magetsi sayendamo bwino, motero anasankha kuyenda m'nthambo.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati amenewa ndi mavuto a maiko ozizira okha. Chaka cha 2003 chinawatsegula m'maso. Kumapeto kwa Okutobala chaka chimenecho kunabwera namondwe wamkulu yemwe anathimitsa magetsi a makasitomala 50,000 mu mzinda wa Malmö ku Sweden. Zimenezo sizinadabwitse wina aliyense. Chodabwitsa chinali ku South Africa, komwe m'masabata ndi miyezi yotsatira mathiransifoma akuluakulu angapo a Eskom anayamba kuonongeka, kuphatikizapo a ku malo opangira magetsi a Lethabo ndi Matimba. Sanapse tsiku lomwelo. Anapsa m'kati pang'onopang'ono ngati chitsa, n'kudzagwa pambuyo pake. Trevor Gaunt wa ku yunivesite ya Cape Town ndi mnzake anafufuza nkhaniyi n'kuonetsa kuti kuonongekako kunayamba ndi namondwe uja. Thiransifoma ya mtundu umenewo si yogula pa shelefu, kuitanitsa ina kumatenga chaka kapena kuposa.

Namondwe wa pa 10 ndi 11 Meyi 2024, wamkulu kuposa onse kuchokera mu 2003, anaonetsa bala lina. Alimi a ku Amereka omwe mathirakitala awo amayendera GPS anaima m'minda pakati pa nyengo yobzala chifukwa makinawo anasokera. Usiku womwewo anthu a m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa South Africa anaona thambo litafiira cha kumwera, aurora itafika komwe sifika kawirikawiri.

Kuno kwathu, ndinene mosapsatira, tili pafupi ndi pakati pa dziko, ndipo gule wa moto uja sitidzamuonera pakhonde. Komanso magetsi akathima madzulo ano, chonde musanamizire dzuwa. Kuthima kwathu kuli ndi zifukwa zake za pansi pompano zomwe tonse tikuzidziwa. Koma maiko a kumwera kwa Africa akhala akulumikiza nthambo zawo kuyambira pamene anakhazikitsa Southern African Power Pool mu 1995, ndipo nthambo ikatalika imatola zambiri. Ndege zomwe abale athu amakwera, mafoni omwe amatilondolera njira, ndi wailesi za kanema za pa dishi, zonsezi zimadalira masetilaiti, ndipo ena mwa masetilaitiwo amakhala pa mtunda wa makilomita 36,000, pomwe plasma yochokera ku mchira imafikira ikaponyedwa.

Alonda alipo. Pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kulowera kudzuwa pamakhala zombo zomwe zimalawa mphepo isanatifike. Chombo cha ACE chinatumizidwa kumeneko mu 1997, DSCOVR mu 2015. Ntchito yaikulu ya zombo zoterezi ndi kuona ngati maginito a mphepo akuloza kumpoto kapena kumwera, chinthu chomwe n'chovuta kuchidziwa chimtambo chikadali kutali. Uthenga umathamangira ku malo ounikira nyengo ya mlengalenga, ndipo a mu Africa muno ali ku Hermanus, kufupi ndi Cape Town, komwe akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira 1941. Kuyambira mu 2022 bungwe la SANSA limaika anthu kumeneko usana ndi usiku. Mphepo ikadutsa pa zombo zija, oyendetsa magetsi ndi ndege amakhala ndi mphindi zapakati pa 15 ndi 60 isanagunde kutsogolo kwa dziko. Ikakhala yothamanga kwambiri, ija yoopsayo, ndi pamenenso mphindizo zimachepa.